Mmene wobadwa ndi vuto la mtima angachepetsere thupi ndi kuwonjezera mphamvu zoyendera

Mwa ana 100 alionse amene amabadwa, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi mtima umene sunaumbike bwino ali m'mimba mwa mayi ake. Ena amakhala ndi bowo pa khoma lolekanitsa zipinda za mtima, ena amakhala ndi mtsempha waukulu wopanikizika kapena valavu (kachitseko ka mu mtima kolola magazi kudutsa mbali imodzi) yosatseguka mokwanira, ndipo ena amakhala ndi zolakwika zinayi pamodzi, zimene dokotala wa ku France dzina lake Fallot anazifotokoza mu 1888, zomwe zimadetsa milomo ndi zikhadabo za mwana ndi kumuchititsa kunjuta pansi akathamanga pang'ono. Ana ambiri otere amakula, ndipo kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu alipo amene tsopano ndi abambo ndi amayi. Ena anachitidwa opaleshoni kunja kwa dziko ali aang'ono, ena sanachitidwe, ndipo ena anazindikira vuto lawo atakula kale, mwina pa nthawi ya pakati. Malangizo awa ndi a anthu amenewa ndi abale amene amakhala nawo.

Mwana akangopezeka ndi vuto la mtima, banja lonse limayamba kumuteteza. Saloledwa kusewera mpira, satumidwa kumjigo, kusukulu amakhala pamthunzi anzake akuthamanga, ndipo agogo amamuwonjezera chipande cha nsima kuti thupi libwere, pakuti ana otere amakhaladi oonda. Zonsezi zimachitika chifukwa cha chikondi, ndipo sindikuimba mlandu kholo lililonse. Koma mwana uja akafika zaka 30, makamaka ngati mtima unakonzedwa, amakhala atazolowera kukhala pansi ndi kudya kwambiri, thupi lakula, miyendo ilibe mphamvu, ndipo akabanika pokwera kamtunda kopita kumsika aliyense amati ndi mtima uja. Nthawi zambiri mtimawo umakhala mbali imodzi chabe ya vutolo. Mbali ina imakhala kulemera kwa thupi ndi kufooka kwa minofu, ndipo ziwirizi munthu angathe kuzisintha ali kwawo konkuno, ngakhale opaleshoni ili kutali.

Mafuta a m'thupi nawonso amafuna magazi, choncho munthu akanenepa magazi ake amachuluka ndipo mtima umapopa ambiri pa mphindi iliyonse, ngakhale iye atagona. Amene thupi lake lapitirira ndi makilogalamu 20 ali ngati munthu wosenza ndowa ya malita 20 kuyambira m'mawa mpaka usiku osaitula. Mtima wabwinobwino umakhala ndi mphamvu zosungira zopirira katundu wotere, koma mtima wokhala ndi bowo, kapena wokhala ndi zipsera za opaleshoni, unagwiritsa kale ntchito gawo la mphamvu zimenezo. Mafuta a pamimba amakankha mnofu wopumira umene uli pansi pa mapapo, ndipo kwa munthu amene anang'ambidwa pachifuwa, amene nthiti zake sizitambasuka ngati za ena, mpata wopumira umachepa kwambiri. Kunenepa kumabweretsanso kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, ndiponso mkonono wodukiza kupuma usiku, umene umakweza mphamvu ya magazi m'mitsempha ya m'mapapo. Tsiku limene padzafunike opaleshoni ina, thupi lolemera limavutitsa kupereka mankhwala ogonetsa ndipo bala limachedwa kupola.

Yambani ndi kusiyanitsa mafuta ndi madzi

Musanachepetse nsima kapena kuyamba kuyenda maulendo, dziwani chimene chikulemeretsa thupi lanu, chifukwa kwa wodwala mtima sikelo ingathe kukwera pa zifukwa ziwiri zosiyana kotheratu. Mafuta amabwera pang'onopang'ono, miyezi ndi zaka. Madzi amabwera m'masiku ochepa, ndipo amasonyeza kuti mtima wayamba kulephera kupopa. Khalani pampando, ikani chala chachikulu pafupa la msongolo pamwamba pa kakolo, ndipo mukanikize mwamphamvu mukuwerenga mpaka 10. Mukachotsa chala n'kuona kadzenje kamene kakuchedwa kubwerera, amenewo ndi madzi. Onaninso ngati nsapato za pulasitiki zikusiya mizere pamapazi madzulo, ngati mimba yauma ndi kutupa, ndiponso ngati mwayamba kugona motsamira mapilo chifukwa chobanika mukagona chagada. Kukwera kwa sikelo ndi makilogalamu opitirira 2 m'masiku 3 ndi chizindikiro cha madzi. Munthu wotere asayambe masewera olimbitsa thupi, koma apite kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, pakuti chimene akufunika ndi mankhwala ochotsa madzi monga furosemide ndi kuunikidwa kwa mtima.

Ngati madzi palibe, yezani kunenepa. Pazipatala zing'onozing'ono zambiri pali sikelo ndi choyezera msinkhu, ndipo alangizi a zaumoyo angakuthandizeni kupeza nambala imene imatchedwa BMI. Mumatenga makilogalamu anu ndi kuwagawa ndi msinkhu wanu wa m'mamita wochulukitsidwa ndi iwo wokha. Mayi wa msinkhu wa mamita 1.60 wolemera makilogalamu 78 amagawa 78 ndi 2.56, ndipo amapeza 30.5. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, nambala yoyambira 18.5 mpaka 24.9 ndi yoyenera, 25 mpaka 29.9 ndi kupitirira muyeso, ndipo 30 kupita m'tsogolo ndi kunenepa kumene kumawerengedwa ngati matenda. Amene nambala yake ili pansi pa 18.5, monga zimakhalira ndi ambiri a milomo yakuda amene sanachitidwe opaleshoni, asachepetse chakudya m'pang'ono pomwe. Iyeyo akufunika kuwonjezera thupi.

Kunyumba mungagwiritse ntchito chingwe. Dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu kuyambira pansi mpaka pamutu, chipindeni pakati, ndipo muchizunguze pamimba cha pamchombo mutatulutsa mpweya bwinobwino osakoka mimba. Nsonga zikakumana, mimba yanu ili m'malire. Zikalephera kukumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo mpata umene watsala pakati pa nsongazo ndi umene muziuyang'anira mwezi ndi mwezi. Ndimaikonda njira imeneyi chifukwa ena amachepa mimba sikelo isanayambe kutsika, ndipo kuona mpatawo ukufupika kumalimbitsa mtima.

Zimene muyenera kufunsa kuchipatala

Akuluakulu ambiri obadwa ndi vuto la mtima amaloledwa kuyenda ndi kugwira ntchito zapakatikati, ndipo madokotala a masiku ano amalimbikitsa zimenezi, mosiyana ndi kale pamene langizo linali kupuma basi. Komabe mavutowa ndi osiyanasiyana kwambiri, moti chimene chili chabwino kwa munthu wa kabowo kakang'ono kamene kanatsekedwa chingakhale choopsa kwa wina. Pitani ku chipatala chachikulu cha boma lanu, Dedza kapena Ntcheu, mutatenga buku la kuchipatala, makalata onse a opaleshoni ngati alipo, ndi mankhwala amene mukumwa m'mapaketi awo. Pemphani kuti akuyezeni BP padzanja, shuga, kuchuluka kwa magazi, ndi mpweya wa okosijeni ndi kachipangizo kopanira pachala. Ngati papita zaka mtima wanu usanajambulidwe, pemphani kalata yokutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuti mukajambulidwe eko, imene imaonetsa mkati mwa mtima, ndi ECG, imene imaonetsa kagundidwe kake.

Musatuluke m'chipinda cha dokotala ndi mawu akuti muzichita pang'onopang'ono, chifukwa mawu amenewo sakuuzani chochita mawa m'mawa. Funsani dzina lenileni la vuto lanu ndipo lilembedwe m'buku. Funsani ngati mungakwere phiri, ngati mungapalase njinga, ngati mungalime mizere, ndiponso kuti katundu amene mungasenze afike makilogalamu angati. Pali magulu amene sayenera kuyamba chilichonse asanamve yankho la dokotala wa mtima: amene mphamvu ya magazi m'mapapo mwawo inakwera kwambiri, makamaka a vuto lotchedwa Eisenmenger, limene limabwera bowo lalikulu likakhala zaka zambiri losatsekedwa, amene valavu ya mtsempha waukulu wa aorta ndi yopanikizika kwambiri kapena mtsemphawo unafufuma, amene mtima wawo umagunda mosokonekera, ndi aliyense amene anakomokapo akugwira ntchito kapena akuthamanga. Mayi woyembekezera nayenso atsate malangizo a kusikelo ndipo asachepetse thupi nthawi imeneyo.

Yezani mphamvu zanu ndi mphindi 6

M'zipatala zikuluzikulu za kunja amayeza mphamvu za wodwala pomuyendetsa pamakina atavala chophimba kukamwa, n'kuwerenga okosijeni amene thupi likugwiritsa ntchito pa kilogalamu iliyonse pa mphindi. Popeza nambalayo imagawidwa ndi kulemera kwa munthu, wonenepa amapeza yotsika ngakhale mtima wake ukupopa mofanana ndi wa mnzake woonda. Pali muyeso wina wosavuta umene madokotala amaudalira, woyenda mphindi 6 panjira yosalala ya mamita 30. Bwalo la ntchemberembaye limatalika mamita 30.5, ndipo sukulu zambiri zili nalo. Dokotala akakulolani, pitani kumeneko m'mawa dzuwa lisanatenthe ndi munthu wina wogwira foni yowerengera nthawi. Yendani kuchoka ku goli ina kupita ku inzake mofulumira mmene mungathere popanda kuthamanga, ndipo mnzanuyo aziponya njere ya chimanga m'kapu nthawi iliyonse mukafika kumapeto. Mukatopa imani, koma nthawi isaimitsidwe. Mphindi 6 zikatha werengani njerezo ndi kuzichulukitsa ndi 30. Akuluakulu athanzi amayenda mamita apakati pa 400 ndi 700. Inu lembani nambala yanu m'kope, pamodzi ndi tsiku, kulemera kwanu, ndi mmene munabanikira, chifukwa imene muzipikisana nayo ndi nambala yanu yomweyo.

Kuyamba kuyenda

Cholinga chimene WHO imapereka kwa akuluakulu ndi mphindi zosachepera 150 pa sabata za ntchito yapakatikati, zomwe ndi mphindi 30 pa masiku 5. Munthu amene wakhala zaka osayenda asayambire pamenepo. Yambani ndi mphindi 10 pamalo osalala, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, ndipo muziwonjezera mphindi ziwiri kapena zitatu sabata iliyonse ngati thupi likulola. Mphindi 5 zoyambirira muziyenda mwachifatse, ndi zomaliza chimodzimodzi, pakuti kuima mwadzidzidzi kumasiya magazi m'miyendo ndipo kumabweretsa chizungulire. Liwiro loyenera mumalidziwa ndi pakamwa: muzitha kulankhula chiganizo chathunthu ndi amene mukuyenda naye, koma muzilephera kuimba nyimbo ya kwaya. Mukayamba kudula mawu pakati kuti mupume, chepetsani. Kuwerenga kugunda kwa mtima kumasokoneza amene akumwa atenolol kapena propranolol, chifukwa mankhwalawa amaletsa mtima kuthamanga ngakhale munthu atatopa.

Malo athu ali ndi zake zoyenera kuziganizira. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yaikulu ya mchere, nsonga ya phiri la Dedza ili pafupifupi mamita 2,200, pamene Mtakataka ndi Golomoti zili m'munsi kwambiri, kufupi ndi nyanja ya Malawi. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo munthu wa milomo yakuda kapena wa vuto la mitsempha ya m'mapapo amamva kusiyana kumeneku kuposa ena. Amene wachokera kunyanja kubwera ku Bembeke kapena ku Tsangano apume masiku angapo asanayambe kuyenda mtunda, ndipo kukwera phiri kuyembekezere chilolezo cha dokotala. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuzizira kwa mbandakucha kumafinya mitsempha ndi kukweza BP, choncho dikirani kuti dzuwa lituluke ndipo muvale juzi. Mu Okutobala ndi Novembala yendani m'mamawa kapena madzulo. A milomo yakuda magazi awo ndi okhuthala, ndipo kusowa madzi m'thupi kungawaundanitse, choncho asanyamuke opanda botolo la madzi, pokhapokha ngati dokotala anawaikira malire a zakumwa.

Minofu ya m'miyendo ndi yofunika kuisamala mwapadera, chifukwa ikamafinyika imakankhira magazi kubwerera ku mtima, ndipo minofu yolimba imagwira ntchito yofanana ndi okosijeni wochepa. Kwa amene anachitidwa opaleshoni ya Fontan, amene chipinda chopopa ali nacho chimodzi chokha, miyendo ndi kapumidwe ndi zimene zimathandiza kupititsa magazi m'mapapo, ndipo kunenepa kumawapweteka kwambiri. Kawiri pa sabata, khalani pampando ndi kuimirira maulendo 8 kapena 10 osagwira ndi manja, pumani, ndipo mubwerezenso. Imirirani ndi zala za kumapazi mutagwira khoma, kenaka mutsike pang'onopang'ono. Tulutsani mpweya pamene mukudzuka, osaugwira m'chifuwa.

Kugwira mpweya pokakamira katundu wolemera ndi kumene ndimakuopa kwambiri pa ntchito zathu za kumudzi. Munthu akamanyamula thumba la feteleza la makilogalamu 50, akamakweza matumba a mbatatesi pagalimoto ku Lizulu, kapena akamakankha njinga ya makala pachikweza, amatseka pakhosi n'kukakamira, ndipo BP imakwera kwambiri m'kanthawi kochepa. Kwa amene aorta yake inafufuma kapena inasokedwa, zimenezi zingang'ambe mtsempha. Gawani katundu, tengani makheni osadzadza pothirira kudimba, ndipo polima mizere muzipuma musanafike potheratu. Amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kapena anaikidwa kachipangizo kowongolera kugunda kwa mtima, apewe mpira wa miyendo ndi masewera ena ogundana.

Imani nthawi yomweyo mukamva kupweteka kapena kufinya pachifuwa, chizungulire, mdima m'maso, mtima kugunda modumphadumpha, kapena milomo ikada kuposa masiku onse. Khalani pansi, ndipo ngati sizikusintha m'mphindi zochepa, kapena ngati mwakomoka, akutengereni kuchipatala. Tsiku limene thupi latentha musayende. Malungo akapanda kupezeka koma kutentha thupi n'kupitirira masiku angapo, uzani achipatala kuti muli ndi vuto la mtima lobadwa nalo musanayambe kumwa maantibayotiki, chifukwa tizilombo timatha kumera mkati mwa mtima wotere.

Zakudya

Kuyenda kokha kumachepetsa thupi pang'ono ngati mbale sinasinthe. Simukufunika kuonda mpaka kusinthika nkhope, pakuti kutsitsa magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwanu kumathandiza kale BP, shuga ndi kapumidwe. Kwa mayi wa makilogalamu 78 uja, ndi makilogalamu 4 mpaka 8, ndipo theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro lokwanira. Ndikudziwa kuti kwathu kuno munthu akayamba kuonda anthu amanong'onezana kuti akudwala kapena kuti banja silikumusamala, ndipo manyazi amenewa amabwezera ambiri m'mbuyo. Uzani a m'nyumba mwanu, ngakhale apongozi, kuti ndi langizo la kuchipatala, ndipo wophika adziwe chifukwa chake.

Ngati mumadya mitanda itatu ya nsima, tsikani pa iwiri, ya mgaiwa ngati zingatheke, ndipo theka la mbale likhale masamba monga nkhwani, bonongwe, mpiru, chisoso kapena kabichi, pamodzi ndi nyemba, soya, usipa kapena dzira. Mbatatesi ilibe mlandu ikakhala yowiritsa, koma ikalowa m'chiwaya n'kukhala tchipisi mphamvu zake zimachuluka pafupifupi katatu chifukwa cha mafuta. Mandasi, zitumbuwa ndi kanyenya wa mafuta zikhale za apo ndi apo. Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni, osathira kuchokera m'botolo. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi la mamililita 300 limatha kukhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 8, ndipo tiyi wa masupuni anayi, thobwa lotsekemera ndi mowa zimawonjezera pomwepo. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo umene uli mu nsomba zouma, timibulu tokometsera ndiwo ndi soda wophikira therere. Amene akumwa warfarin asachulukitse masamba mwadzidzidzi osauza achipatala, chifukwa masamba obiriwira amachepetsa mphamvu ya mankhwalawo, ndipo magazi ayenera kuyezedwa kuti mlingo ukonzedwe.

Tiyi ndi mapiritsi oondetsa amene amatsatsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook muwapewe. Ena amatsegula m'mimba kapena kukodzetsa, zimene zimataya mchere wa potaziyamu umene mtima umadalira kuti ugunde molongosoka, ndipo ena amathamangitsa mtima. Zakumwa zopatsa mphamvu zodzadza ndi kafeini zili m'gulu lomwelo. Kusala kudya masiku athunthu n'koopsa kwa amene akumwa mankhwala ochotsa madzi ndi kwa a magazi okhuthala. Pali mankhwala ena ofunika amene amanenepetsa anthu ena, monga ma ARV okhala ndi dolutegravir, jakisoni wolera wa miyezi itatu ndi prednisolone. Musawasiye panokha, koma kambiranani ndi amene anakupatsani. Abale a munthu wa Down syndrome, vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa kukula kwa thupi ndi nzeru, adziwe kuti pafupifupi theka la obadwa chotero amakhala ndi vuto la mtima, amanenepa msanga, ndipo ena chithokomiro chawo chimagwira ntchito mochedwa, choncho n'koyenera kupempha kuti chiyezedwe ndi kumamutenga poyenda tsiku ndi tsiku.

Dziyezeni pasikelo imodzimodzi kamodzi pa sabata, m'mawa, kapena tsiku lililonse ngati munatupapo. Pakatha miyezi itatu bwererani pabwalo lija ndi kapu ndi njere za chimanga, nthawi yofanana ya tsiku, ndipo muyerekeze ndi zimene munalemba. Kuwonjezera ulendo umodzi kapena awiri a bwalolo ndi kusintha kwenikweni. Mtunda ukatsika pamene mwakhala mukuyenda mokhulupirika, kapena mukaona kuti chikweza chimene munkakwera mwezi watha tsopano chikukuimitsani pakati, musadikire tsiku limene anakulemberani. Tengani kopelo pamodzi ndi buku la kuchipatala, muwaonetse manambala onse awiri, ndipo mupemphe kuti mtima ujambulidwenso.